Siteshoni Imene Inabala Limbe

Adzukulu anga, tauni imene mumaitcha Limbe si yakale kwenikweni ayi. Wamkulu ndi Blantyre. Amishoni a ku Scotland anakhazikika m'dziko la a Kapeni mu 1876, a Mandala n'kumanga nyumba yawo yosanja ija mu 1882, koma nthawi yonseyo ku Limbe kunali midzi, minda ndi kamtsinje kamene kanapereka dzinalo. Chimene chinasandutsa malowo tauni ndi siteshoni ya sitima. Ndiye mukafuna kudziwa chifukwa chake Bangwe ali pamene alipo, kapena chimene chinakokera khamu lonse lija m'tsinde mwa phiri la Ndirande, muziyamba mwafunsa za njanji.

Njanji isanabwere, kanthu kalikonse kochokera kunja kankafika kuno pamutu pa munthu. Nsalu, mchere, malata, sopo, misomali, zonse. Zombo zinkatsitsa katundu ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Kuchoka apo timasitima ta nthunzi tinkakwera Zambezi n'kulowa mu Shire, mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa. Kumtunda kwa pamenepo Shire ali ndi mathithi, sitima siidutsa. Katunduyo ankamutula pagombe, amtengatenga n'kumusenza, kukwera naye chiphiri chija mumatsika pa basi mukamapita ku Chikwawa, chimene ngakhale lole imachita kubuula nacho. Munthu mmodzi ankasenza makilogalamu 25 kapena kuyandikira apo. Mzungu ndiye ankagona m'machila, anyamata akuthamanga naye. Katundu wopita kunyanja ankapitirira pamutu pomwepo mpaka ku Matope, kumene mtsinje umayambanso kulola sitima.

Agogo anga aamuna anali mmodzi wa amtengatengawo. Anali Mlomwe, anaoloka Ruo ali mnyamata pothawa chibalo cha Apwitikizi, n'kupeza kuti kuno nako kuli msonkho wa nyumba ndi thangata. Ankatiuza kuti tsitsi la paliwombo linawathera asanakwatire n'komwe, chifukwa cha nkhata.

Azungu a minda sankakhutira nayo njira imeneyi, ndipo sikuti ankamvera chisoni makosi a anthu. Vuto lawo linali nyengo. Mvula ikagwa mtsinje wadzadza, koma amtengatenga abwerera kwawo kukalima. Chilimwe chikafika anthu alipo, koma Shire waphwa, sitima zatitimira mumchenga. Khofi ndi fodya zinkangoonongeka m'mashedi podikira. Komanso munthu amene ali pamsewu ndi katundu pamutu ndiye kuti sali m'munda wa bwana. Anafuna chitsulo choti chizisenza katundu, kuti manja a anthu atsalire iwo.

Amene analimbikira kwambiri anali Eugene Sharrer, mzungu wochokera ku Hamburg amene anali ndi malo aakulu ndi masitolo kuno. Mu 1895 anayambitsa kampani ya Shire Highlands Railway, koma ndalama zinavuta, ndipo ntchito yeniyeni inayamba mu 1903, chuma chake chitalowa m'kampani ya British Central Africa. Boma la atsamunda linalibe ndalama zoti lipereke, ndiye linalonjeza malo: maekala 3,200 pa mailosi iliyonse ya njanji. Werengani nokha, mailosi 113, ndiye kuti maekala 361,600. Malowo anali ndi eni ake, koma eni akewo palibe anawafunsa. Pambuyo pake boma linaombola lonjezolo ndi ndalama, zimene zinachokeranso m'thumba la dziko lomweli.

Poyamba ankati njanji iyambire pa Chiromo. Koma zaka zimenezo madzi a mu Shire anali akutsikiratsikira, mwakuti zitsulo zomangira njanjiyo zinkavuta kufika nazo pa Chiromo pomwepo. Anakayambira kumunsi, ku Port Herald, kumene lero mumati Nsanje. Kuchoka kumeneko njanji inaoloka Shire pa Chiromo n'kutsata chigwa cha Ruo, kudzera Makhanga, Sankhulani, Thekerani, Sandama, Khonjeni, Luchenza, Nansadi, kenako Limbe. Nsanje ali pansi, safika ngakhale mamita 100 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Limbe ali pa mamita oposa 1,100. Chitunda chonsecho chinakumbidwa ndi makasu, mapiki ndi mafosholo, dothi likututidwa m'madengu. Okumba anali anthu akuno, Alomwe, Asena, Amang'anja, Ayao, Angoni. Amisiri ambiri a zitsulo ndi akalaliki anachokera ku India. Agogo anataya nkhata n'kukalembedwa m'gulu lokumba m'mbali mwa Ruo, ndipo ankati kumeneko malungo ndi kamwazi zinkagwetsa anthu kuposa miyala. Timainjini tiwiri toyamba, Thistle ndi Shamrock, tinasungidwa, kena ku Limbe, kena pa nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri. Mukadzakaona mudzaseka kuchepa kwake. Sitima yoyamba inalowa mu Blantyre pa 31 Malichi 1908.

Njanjiyo inathera ku Blantyre, koma likulu lake linakhala ku Limbe. Pamenepo mpamene chitunda chimathera, ndipo panali malo otakasuka oyalapo njanji zambiri. Chaka chomwecho cha 1908 kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ya fodya pafupi ndi siteshoni, ndipo pofika 1909 Limbe anali tauni payekha. A Reluwe anaikapo maofesi awo, shedi ya mainjini ndi malo okonzera mabogi. Amwenye anatsatira ndi masitolo. Matauni awiriwa, otalikirana makilomita 8 okha, anakhala aliyense ndi khonsolo yake mpaka anawaphatikiza mu 1956.

Tsono za kamangidwe ka siteshoniyo, pakuti apa mpamene pali nkhani. Msuweni wanu uja ali ku Mangalande anandionetsa pafoni siteshoni ya St Pancras ya mu London. Anaitsegula mu 1868, kuno amishoni a ku Scotland aja asanafike n'komwe. Denga lake ndi lachitsulo ndi magalasi, lotambasuka mamita oposa 70 popanda mzati pakati, luso la injiniya William Barlow. Kumaso kwake kuli hotela ya njerwa zofiira imene anajambula George Gilbert Scott, yokhala ndi nsanja ya wotchi ndi mazenera osongoka. Ndipo simufunika kupita ku Ulaya kuti muone zoterozo. Apwitikizi anamanga siteshoni ya chidenga chobulungira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, n'kuimaliza mu 1916. Ku Beira, kumene fodya wathu ankakathera, anatsegula siteshoni yatsopano mu 1966, ya konkire, khomo lake lili ndi chidenga chokhota ndipo kumbuyo kwake kuli nyumba yosanja ya maofesi. Anthu athu amene ankafika kumeneko ankabwera akusimba.

Zathu ndiye ayi. Siteshoni za panjanji yathu, kuyambira Blantyre kutsikira kumunsi, zinali nyumba zapansi za njerwa zootcha, denga la malata, khonde loyang'ana kunjanji. Chipinda cha bwana wa siteshoni, zenera logulitsira matikiti, pochitira lamya, sikelo ya katundu, belu, basi. Sitima inkaima pabwalo, dzuwa likuiomba, mvula ikuinyowetsa. Musaganize kuti kuno kunalibe amisiri. Kuchoka pa siteshoni ya Blantyre, kuyenda pang'ono chabe, mufika pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga ndi anthu akuno kuyambira 1888 mpaka 1891. Scott sanaphunzirepo za kamangidwe, ndipo omangawo anali asanamangepo nyumba yotero, koma anaumba njerwa za maonekedwe osiyanasiyana, n'kuimika nsanja ndi zipilala zimene zilipobe mpaka lero. Zimenezo zinachitika zaka 17 sitima isanafike. Manja oti amange siteshoni yokongola analipo, dothi la njerwa linalipo.

Ine ndimati kuphweka kwa siteshoni yathu kunali kochita kusankha. Ya ku London anaimanga kuti wapaulendo akalowa akweze maso, aone mphamvu za kampani. Yathu anaimanga ngati nkhokwe: zokolola zilowe, zisanyowe, zituluke. Paja ngakhale ku St Pancras komweko katundu sanamuiwale. Pansi pa mapulatifomu anasiya mosungira migolo ya mowa wochokera ku Burton, ndipo mizati ya m'menemo anaitalikitsa potengera kukula kwa migoloyo. Kungoti iwo katundu anamubisa pansi, anthu n'kuwaika pamwamba. Kuno katundu ndiye anali mwini nyumba, munthu n'kumapempha malo pakhonde.

Mukafuna kuona kumene ndalama zinapita ku Limbe, muzungulire kuseri. Kumeneko kunali chishedi cha katundu, chachitali kuposa siteshoni yeniyeniyo. Kunali tinjanji topatuka, tolowa m'mafakitale ndi m'mashedi a makampani, kuti bogi izikaima pakhomo penipeni mabelo n'kumangogubuduzira m'kati. Okushoni ya fodya itatsegulidwa ku Limbe mu 1938, nyengo ya msika mabogi ankachepa. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ambiri ankakwezera pa Luchenza, thonje linkachokera kuchigwa cha Shire. Kunali thanki ya madzi pamwamba pa miyendo yachitsulo, maenje oti amakanika azilowa kunsi kwa injini, milu ya malasha ndi ya phulusa, ndi ng'anjo za osula. Njanjiyo mpata wake ndi mafiti 3 ndi mainchesi 6, wofanana ndi wa ku Mozambique, ku Rhodesia ndi ku South Africa, dala kuti bogi yopakira ku Limbe ikafike padoko osatsitsa katundu panjira.

Bambo anga anagwira ntchito m'shedi ya mainjini, poyamba opukuta, kenako osonkhezera moto. Injini ya nthunzi sailiza ndi kiyi. Sitima yonyamuka m'mawa ankaiyatsira moto usiku, kuti madzi a m'boyila atenthe pang'onopang'ono. Ukafulumiza umaononga chitsulo. Zaka zoyambirira ankasonkhezera nkhuni, ndipo m'masiteshoni munkakhala milu ya nkhuni zimene anthu a m'midzi ankadula. Pambuyo pake kunabwera malasha, makamaka a ku Moatize ku Tete. Wosonkhezera moto ankaponya malashawo ndi fosholo kuchokera m'munsi mwa Sankhulani mpaka pamwamba, osapuma, chifukwa moto ukafooka pachitunda sitima imaima, ndipo kuidzutsanso pamenepo ndi nkhani ina. Mvula ikagwa mawilo ankaterera, ndiye ankathira mchenga panjanji. Bambo ankafika kunyumba maso okha akuyera, malaya atauma gwa ndi thukuta. Amayi ankawasungira madzi otentha ndi mwala wotsukira kumapazi, ife ana n'kumalimbirana chikho cha tiyi chimene ankabwera nacho, chifukwa chinkanunkhira utsi wa sitima.

Njanjiyo ndi imodzi yokha, yopita ndi yobwera yomweyo. N'chifukwa chake ngakhale kasiteshoni kam'tchire kanali ndi njanji yopatukira, kuti sitima ina idikire inzake idutse. Bwana wa siteshoni sankalola sitima kunyamuka asanamvane pa lamya ndi mnzake wa siteshoni yakutsogolo. Nthawi zina munkakhala pa Khonjeni mpaka dzuwa kupendeka, mukudikira sitima ya katundu imene ili kulimbana ndi chitunda. Ya katundu ndiyo inkayamba, inu apaulendo pambuyo.

Papulatifomu, dziko la Nyasaland linkaonekera poyera mmene linalili. Kalasi yoyamba inali ya azungu, mipando yofewa ndi pogona. Yachiwiri ambiri anali Amwenye. Yachitatu ndiye yathu, mabenchi a matabwa. Mphunzitsi wa tayi, mbusa wa kolala, kalaliki wa ku boma, onse ankakhala nafe, nkhuku zikulira kunsi kwa mpando. Koma ndikuuzeni, moyo unali m'kalasi yachitatu momwemo. Sitima yochokera kumunsi inkafika ku Limbe itadzadza mikoko ya nthochi za ku Thekerani ndi ku Sandama, mizimbe, chinangwa, milamba youma ya ku Chiromo. Amayi anga ankapita kukaichingamira ndi dengu, kugula pazenera sitima isanaime bwinobwino, n'kukagulitsa pamsika. Ena ankagulitsa zitumbuwa, mbatata yootcha ndi thobwa kwa okwera. Sukulu ya ine ndi alongo anga inalipiridwa ndi nthochi zimenezo. Omanga siteshoni sanaike msika m'mapulani awo. Msikawo anauyambitsa ndi amayi.

Kupita kunyanja yamchere kunatenga zaka kuti kulongosoke. Cha m'ma 1914 njanji anaitalikitsa kuchoka ku Port Herald kukafika ku Chindio, pagombe la Zambezi. Mu 1922 inatha ina ya tsidya, ya Trans-Zambezia, yochokera ku Dondo kufupi ndi Beira kukafika ku Murraça. Pakati panatsala mtsinje. Anthu ndi katundu ankatsika, kuoloka pa sitima ya pamadzi ndi mabaji, n'kukakwera ina kutsidya. Madzi akachepa mabaji atitimira, akachuluka gombe lamira. Mpaka mu Januwale 1935 mpamene anatsegula mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita oposa 3 ndi theka, womangidwa ndi kampani ya Cleveland Bridge ya ku Mangalande. Nthawi imeneyo unali mlatho wa sitima wautali kuposa yonse mu Africa. Luso limene sanalionetse pasiteshoni analionetsa pamenepo, ndipo amene anaolokapo amadziwa mmene mtima umachitira sitima ikakhala pakati, madzi mbali zonse.

Koma mverani za ngongole. Njanji ya Trans-Zambezia yonse ili m'dziko la Mozambique, mlatho nawonso uli komweko, komabe boma la Nyasaland ndilo linasenzetsedwa udindo wa ngongole zake. Ndalama zimene zikanamanga sukulu ndi zipatala kuno zinkapita kukalipira chiongoladzanja ku London, ndipo mitengo yonyamulira katundu inali yokwera mwakuti mlimi wamba wa chimanga kapena mtedza sankapindula nayo sitima. Leroy Vail, wolemba mbiri amene anaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi, analemba mu 1975 kuti njanjizi ndi zina mwa zimene zinasaukitsa dziko lino. Agogo anga sanawerenge zimenezo, koma ankadziwa kuti msonkho sutsika.

Chaka chomwecho cha 1935 njanji inapitirira kuchoka ku Blantyre kulowera kumpoto, kudzera Chirimba, Lunzu, Lirangwe, kuoloka Shire cha ku Matope, Balaka, mpaka Chipoka ndi Salima. Apa n'kuti kampani itasanduka Nyasaland Railways, kuyambira 1930, ndipo inkayendetsanso sitima za panyanja. Ilala imene mukuidziwayo anaipanga ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kudutsa pa Limbe pomwepa pamabogi, kukailumikiza kunyanja. Inayamba kuyenda mu 1951.

Siteshoni ya ku Blantyre inali yaing'ono, koma ndiyo inaona misozi yambiri. Pafupi nayo panali malo a Wenela, kampani yolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, ndipo n'chifukwa chake depoti ya mabasi ija mpaka lero mumati pa Wenela. Amuna ankasonkhana pamenepo kuchokera m'maboma onse, kupimidwa, kudinda chala, n'kumapita. Ena ankapita paokha ku Salisbury ndi ku Bulawayo: sitima mpaka ku Dondo, kusintha, kenako Umtali. Obwerera ankatsika ndi sutikesi yachitsulo, njinga, galamafoni, chipewa chopendeka, ana a m'tauni n'kumawathamangira kuti awanyamulire. Ena sanabwerere, anasanduka matchona, ndipo amalume anga ndi mmodzi wa iwo; azakhali anu aakulu anakalamba akufunsa aliyense wotsika sitima ngati anawaonako. M'zaka za m'ma 1950 a Wenela anayamba kunyamula anthu pa ndege mpaka ku Francistown. Ndege ina itagwa kumeneko pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, a Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu kwa kanthawi.

Njala ya 1949 ndinaiona ndili mwana. Mvula inadula, ndipo boma la Blantyre ndi limodzi mwa amene anavutika koposa. Tsoka lake, chaka cham'mbuyo madzi anali atakokolola mlatho wa sitima pa Chiromo, ndipo sunakonzeke mpaka 1950. Chimanga chochokera kunja chinkafika pamtsinje, kutsitsa, kuolotsa, kukwezanso, uku anthu akudya mizu ndi gaga. Amayi ankalawira kukaima pamzere wa chimanga, ndipo mphekesera yakuti mabogi afika ku Limbe inkayenda m'midzi msanga kuposa sitimayo. Pamenepo mpamene tinadziwa kuti tauni yonseyi ikulendewera pa njanji imodzi ndi mlatho umodzi.

Nanga anthu onse ogwira ntchito pasiteshoni, m'fodya, m'masitolo ndi m'nyumba za azungu ankagona kuti? Pakati pa tauni panali pa azungu ndi Amwenye. A Reluwe anali ndi nyumba za antchito awo, monga za ku Mpingwe, koma sizikanakwanira aliyense, ndipo makampani ambiri sankalabadira n'komwe. Munthu ankapita kwa mfumu ya mudzi wapafupi, kupempha kamalo, kuumba zidina, kufolera udzu, n'kuitana mng'ono wake kumudzi. Ndirande anakula motero, popanda wojambula mapu, n'chifukwa chake tinjira take timakhota chotere. Bangwe anadzadza ndi anthu a ku Limbe, a njanji ndi a fodya, ambiri ochokera ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu. Boma linadzidzimuka mochedwa, m'zaka za m'ma 1950, n'kuyamba kumanga nyumba ku Soche ndi kudula mapuloti ku Zingwangwa. Chilomoni ali kutali ndi njanji, koma nayenso anadzadza ndi anthu amene tauni ya njanjiyo inawaitana n'kulephera kuwagoneka. Machinjiri ndi wadzana, anakula malo atatha kwina konse. Mafakitale a ku Makata, monga a nsalu a David Whitehead mu 1967 ndi a Carlsberg mu 1968, anawaika m'mbali mwa njanji, ndipo Ndirande anawapatsa manja. M'mamawa munkaona mzere wa anthu akuyenda m'njanji momwemo, mapazi akudumpha pazitsulo, chifukwa ndiyo inali njira yachidule ndiponso yopanda matope. Mawotchi anali ochepa. Tinkadzuka ndi kulira kwa sitima ndi mahutala a m'mafakitale.

Anthu a njanji anali m'gulu la oyamba kuphunzira kuti ogwira ntchito akagwirizana amamveka. Kumapeto kwa 1960, chaka chimodzi chitapita chigwirireni anthu n'kuwatsekera ku Kanjedza pa nthawi ya chipwirikiti cha 1959, antchito achikuda a njanji ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Shedi inazizira, mainjini ali ndii opanda utsi. Bambo anakhala pakhomo akusema mipini, ndipo ndimakumbukira kuti usiku tinkalephera kugona chifukwa kunja kunali zii mosazolowereka. Patapita zaka zochepa tinayamba kuona anthu akuda akuyendetsa sitima ndi kukhala mabwana a siteshoni, ndipo kalasi inayamba kutengera ndalama za m'thumba.

Ufulu utabwera dzina linasintha kukhala Malawi Railways, boma n'kuitenga. Mainjini a dizilo analowa, a nthunzi n'kumapita kukagona kuseri kwa shedi, ndipo ntchito ya bambo inatha ndi iwo. Anamalizira ali mlonda wa pageti. Mu 1970 anatsegula njanji yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, yopita kudoko la Nacala, ndi ngongole ya ku South Africa. Mu 1979 njanji inafika ku Lilongwe ndi thandizo la dziko la Canada, kenako ku Mchinji. Zaka zimenezo ku Limbe kunali piringupiringu usana ndi usiku, feteleza, mafuta, shuga, simenti.

Kenako nkhondo ya ku Mozambique. M'zaka za m'ma 1980 njira ya ku Beira inatsekeka, ya ku Nacala nayo inatsekeka, mlatho wa Dona Ana anauphulitsa. Katundu wa dziko lino anakwera malole, kuzungulira mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo mtendere utabwera ambiri sanatsikenso m'malolemo. Mu 1997 madzi anadulanso njanji pa Chiromo. Madzi saiwala khwawa. Sitima ya kumunsi inayamba kuthera pa Makhanga, ndipo madzi osefukira a 2015 anaonongeratu zimene zinatsala kumeneko. Anthu ambiri a njanji anachotsedwa ntchito m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1999 boma linapereka njanjiyo kwa kampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa. Anzanga amene ndinakula nawo, ana a madalaivala ndi amakanika, anabalalikira m'maminibasi, m'mashopu owotcherera zitsulo ku Ndirande, ena kubwerera kumudzi. Mukaona mkulu wina ku Bangwe akupanga mbaula kapena geti molongosoka kuposa anzake, mufunseni kumene bambo ake ankagwira ntchito.

Lero sitima zazikulu zilipo, zazitali kuposa zonse zimene bambo anaziona, mabogi oposa 100 pa ulendo umodzi. Zimanyamula malasha a ku Moatize, kudutsa panjanji yatsopano imene kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga, kukalowa pa Nkaya n'kumapita ku Nacala. Zimenezo sizikwera kuno. Ku Limbe kumafika za mafuta, feteleza ndi tirigu, ndipo kumanyamuka sitima ya anthu yopita ku Balaka ndi ku Nayuchi, yodzadza amayi a geni ndi matumba awo. Kumunsi akukonzanso njanji kuchokera ku Marka kulowera ku Bangula, koma kuti sitima ya ku Beira idzafikenso pa Limbe, payenera kumangidwa kaye mlatho pa Chiromo.